Mphamvu ya Boma Ilekeze Pakhomo la Kalasi

Awerengi athu ena amafunsa kuti: popeza Boma ndilo lipereka ndalama zoyendetsera yunivesite, nanga nchifukwa ninji aphunzitsi a kumeneko akana kulamulidwa monga anchito ena a Boma? Funsoli ndi loyenera, ndipo tiliyankhe mosapsa mtima.

Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa ku Chichiri m'chaka cha 1965, ndipo chiyambire pamenepo yakhala ikuyenda ndi msonkho wa anthu. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu, amene kapena mwana wake sadzapondako konse, ali nalo gawo m'malipiro a mphunzitsi aliyense. Chotero Boma lili nawo udindo wofunsa m'mene ndalamazo zayendera, ndi kuona kuti ana a osauka akupeza malo. Pamenepa palibe angatsutse.

Komatu mphamvu imeneyi ili ndi malire, ndipo malire ake ndiwo khomo la kalasi. Mu February 2011 Dr. Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College, ku Zomba, anaitanidwa ndi mkulu wa polisi chifukwa anauza ophunzira ake kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kungathe kuutsa chipolowe monga cha ku Tunisia ndi ku Egypt. Anzake ananyanyala nchito, nafuna lonjezo lakuti m'kalasi simudzakhalanso akazitape. Aphunzitsi anai anachotsedwa, maphunziro anaima miyezi yambiri, ndipo potsiriza mu October onse anai anabwezedwa pa nchito. Boma silinapindulepo kanthu. Amene anataya nthawi ndi ophunzira.

Tikumbukirenso kuti pa 20 July chaka chomwecho anthu anadzaza m'misewu kudandaula za mafuta omwewo, ndipo ena anafa. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Boma lanzeru limasunga anansi otere, pakuti wophunzira wamantha amangonena zimene mfumu ifuna kumva.

Sikanali koyamba iai. M'chaka cha 1987 Dr. Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa koleji yomweyo, anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kufikira 1991. Amene analemba malamulo aakulu a dziko lino mu 1994 anadziwa zowawa zotere, ndipo anaika ufulu wa kuphunzitsa ndi kufufuza m'ndime 33.

Maganizo athu ndi awa. Mabuku a ndalama za yunivesite akhale otseguka pamaso pa Boma ndi Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka. Amene aikidwa m'khonsolo yoyang'anira yunivesite asankhidwe chifukwa cha nzeru ndi mbiri yao, osati chifukwa cha chipani. Koma kulemba aphunzitsi, kukonza maphunziro ndi kuyesa mayeso, zimenezi zisiyidwe m'manja mwa ophunzitsa eni ake. Likatero Boma, lidzakolola madotolo, oweruza ndi alangizi onena zoona, amene liwasowa koposa.