MAME A KU DZALEKA

Lachinayi lapitali pa msonkhano wathu wa alembi, mlongo wathu wina anatiŵerengera uthenga wochokera kwa mnzathu uja anakwera ndege chaka chatha kupita ku sukulu ku Glasgow. Ambiri munalipo, munadzimvera nokha. Akuti chisanu chake ncholoŵa m'mafupa, ufa wa mgaiwa amachita kuusaka ngati mankhwala, boma la kumeneko limangomulola maola 20 a ganyu pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo mayi wina mwini nyumba atamva dzina lake pa foni anati chipinda chatengedwa kale. Tonse tinapukusa mitu. Wina anati azungu alibe umunthu, ndipo m'chipindamo munamveka "eya, eya" ngati kumsonkhano wa chitsitsimutso. Ine ndinangoti zii, poti pakamwa ndine wachibwibwi. Ndiye ndati ndiyankhe pano papepala.

Kodi munamvetsetsa ndime yomaliza ya uthengawo? Mnzathuyo anati pa tchuthi anakwera sitima kupita ku Edinburgh, kenaka nakaona nyanja ya Loch Lomond, nadzijambulitsa atavala chijasi. Palibe mfumu kapena kalaliki amene anakamugwadira kuti amudindire chikalata chotulukira mu Glasgow.

Tsono ine kwathu ndi ku Dowa. Mukachoka ku Lilongwe kulunjika kuboma la Dowa mumadutsa pa Dzaleka. Agogo anga dzinali ankalitchula monong'ona, chifukwa m'nthaŵi ya Kamuzu pamalopa panali ndende ya anthu oganiziridwa za ndale. Mu 1994, chaka chomwe tinavota koyamba pa zipani zambiri, malowo anasanduka msasa wa anthu othaŵa kwawo, makamaka a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Anakonzera anthu pafupifupi 12,000. Pofika 2023 analipo opitirira 50,000. Kumeneko kuli anyamata ndi atsikana a msinkhu wathu amene kwa iwo "kunja" ndi kuno ku Malaŵi.

Mmodzi mwa iwo ndinadziŵana naye pa mpikisano wa mtsutso tili ku sekondale. Anabadwira mumsasa momwemo. Chicheŵa chake ncha ku Dowa chenicheni, chokoka ngati cha amalume anga, ndipo masamu ankandiphunzitsa ndi iye. Tsiku lina ndinamuuza za nkhalango ya phiri la Ntchisi, mitengo italiitali yosaona nkhwangwa, ndi momwe nyanja imaonekera kum'maŵa kukacha bwino. Anandifunsa kuti nyanjayo ndi yaikulu bwanji. Munthu wa zaka 19, wobadwira m'boma loyandikana ndi Salima! Kuti atuluke mumsasa nkupita patali ayenera kupempha chilolezo, nanena kumene akupita ndi tsiku lobwera. Kungoyenda kuti aone dziko, ngati mnzathu wa ku Loch Lomond, si chifukwa chimene munthu anganene molimba mtima pa ofesi.

Izi sizinangochitika mwangozi ayi. Pamene Malaŵi anasaina pangano la United Nations la 1951 lokhudza othaŵa kwawo, mu 1987, anakana kumangidwa ndi ndime zingapo: ya ufulu woyenda ndi kusankha pokhala, ya ntchito yolipidwa, ya maphunziro, ndi yopatsa anthuŵa unzika. Mwana wobadwira pa Dzaleka sakhala Mmalaŵi ngakhale mchombo wake unakwiriridwa m'dothi la Dowa. Mu May 2023 apolisi ndi asilikali anasesa m'makwalala a Lilongwe kugwira amene anakhazikika m'tauni, ena nkuwagoneka kundende ya Maula pamodzi ndi ana awo, kenaka nkuwatutira kumsasa. Sindikumbuka kuti pa msonkhano wathu panamveka "eya, eya" sabata imeneyo. Tinali otanganidwa ndi ndakatulo za chikondi.

Ndikudziŵa zimene mudzandiyankhe, poti ndazimva kale ku kafeteriya. Mudzati dziko ndi losauka, ntchito zikusoŵa, ndipo "Maburundi" analanda magolosale m'Mchesi ndi m'Kawale. Mudzatinso pakati pawo pakubisala ena amene anapha anthu ku Rwanda mu 1994. Chachiŵirichi nchoona kuti nkutheka. Koma wakupha ali ndi dzina, mgwireni ndi dzina lake apite kukhoti. Mnzanga uja mu 1994 anali asanabadwe nkomwe. Za umphaŵizo, kumbukirani kuti pa nkhondo ya ku Mozambique tinasunga anthu opitirira miliyoni imodzi, ambiri atamanga m'midzi ya ku Ntcheu, Dedza ndi Nsanje, tili osauka kuposa lero. Ndipo mawu akuti "atilanda ntchito" ndi omwewo amene abale athu amawamva ku Johannesburg ndi ku Durban asanawatenthere zisakasa. Tikawamva kumeneko timalira. Tikawanena tokha kuno timati nchitetezo cha dziko.

Ife Amalaŵi ndife mtundu wophunzirira pakhomo pa eni. Chilembwe anapita ku Lynchburg mu 1897. Kamuzu anadutsa ku Wilberforce, Chicago, Meharry mpaka Edinburgh. Chipembere anali ku Fort Hare, Chiume ku Makerere. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958 mpaka anakafika ku Khartoum, ndipo anthu osamudziŵa a ku Skagit Valley anamulandira. Tikamasimba za anthuŵa timatama miyendo yawo, nkuiŵala amene anawatsegulira zitseko.

Chimene chimandiŵaŵa koposa ndi ichi: njira yoongoka ya wophunzira wa pa Dzaleka imadutsa pa bwalo la ndege. Bungwe la WUSC limasankhapo oŵerengeka nkuwatumiza ku mayunivesite a ku Canada, kumene amakafika ali ndi chilolezo chokhalitsa ndi chogwira ntchito. Wina akhoza kuona mathithi a Niagara asanaone Senga Bay. Akakhala dokotala kumeneko tidzamuonera pa Facebook, kwinaku chipatala cha ku Mponela chikusoŵa anthu. Makolo anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti msungeni bwino poti sakhalitsa. Mame a ku Dzaleka adutsa zaka 30 asanakamuke, ndipo ife tikuwatchabe alendo kuti tisawapatse malo.

Ku Dzaleka kuli alakatuli ndi oimba; chikondwerero cha Tumaini chinayamba kumeneko mu 2014. Ndapempha a Wapampando kuti tiitane anayi mwa iwo adzaŵerenge zolemba zawo pa msonkhano wathu temu ikubwerayi, ndipo tidzaone tokha kuti chilolezo chawo chidzatenga masiku angati. Kalata yowaitana ndalemba kale, ili kwa mlembi wathu. Chatsala ndi siginecha ya a Wapampando ndi ndalama ya minibasi.