Usipa umafera kuwala

Anyamata, tamverani. Mnzanga wina watumiza pagulupu zithunzi za mapepala akale otsatsira mankhwala ku America, ati "onani kukongola, kale zinthu zinali zenizeni." Ine zandiwawa.

Pepala lina ajambulapo mayi ndi tiana tosangalala, pamwamba alemba Mrs. Winslow's Soothing Syrup. Ankati mwana akamalira pomera mano, mum'mwetse. Ankatontholadi, chifukwa m'botolomo munali morphine. Ana ena sanadzukenso. Zinatengera lamulo la 1906 kuti ogulitsa azilemba pabotolo kuti muli chiyani. Nayonso Bayer, mu 1898, inayamba kugulitsa heroin ngati mankhwala a chifuwa, n'kumaitsatsa pepala limodzi ndi aspirin. Eee, heroin yomweyo.

Ndiye mukuti kukongola? Ife ana a asodzi timadziwa ntchito ya nyali ya siginala usiku. Usipa umathamangira kuwala, chilimira chili pansi.

Chondinyansa n'chakuti nyaliyo ikuyakabe, yangosamukira mufoni. Botolo limodzi ati likuchiza shuga, BP, likodzo ndi mphamvu za abambo. Zomwe zili m'kati sanena, koma nambala yotumizira ndalama amalemba zilembo zikuluzikulu. Malume anga anataya ndalama ya usipa wa mwezi wathunthu pa botolo lotere, akukodzabe magazi, pomwe praziquantel anali kuchipatala chaboma, waulere.

Wonditumiziranso zotsatsa zoterezi andiuze kaye zomwe zili m'botolomo. Apo ayi, ndikum'chotsa pagulupu, kaya ndi msuweni.