Mwana Akaone Mzinda Ali M'manja mwa Makolo Ake

Nyengo yokolola ikatha, mbatata ya kachewere, nyemba, chimanga ndi fodya zikagulitsidwa, misewu yochokera ku Angónia ndi ku Tsangano imadzaza ndi anthu a pa ulendo. Ena amapita ku Tete kukalondola zikalata ku maofesi a boma, ena amaperekeza matumba awo mpaka ku Beira, enanso amakaona abale amene anakhazikika m'mizinda. Koma munthu amene angaime pa mphambano ya Mussacama n'kumasuzumira m'machapa ndi m'machimbombo odutsa, adzaona kuti ana mulibe. Amene alimo ndi makanda a kumsana, kapena mwana wodwala amene akuthamangira naye ku chipatala chachikulu. Mwana wa zaka 10 kapena 12, wa thanzi lake, wopita ndi bambo ake kukangoona mzinda, ngosowa.

Chizolowezi chimenechi chili ndi kumene chinachokera. M'zaka za nkhondo msewu wa ku Tete unali msewu wa imfa, magalimoto ankayenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Amene anabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anabwera akudziwa Dedza, Ntcheu, Lilongwe ndi Blantyre kuposa mizinda ya dziko lawo. Ana a nthawi imeneyo ndiwo makolo ndi agogo a lero. Mpaka pano msika wa pafupi ndi wa ku Lizulu, kwacha imayenda m'matumba pamodzi ndi metikali, ndipo wailesi yomveka bwino m'midzi yambiri ndi ya kutsidya. Pamenepo palibe choipa, pakuti malire anadula pakati pa abale. Koma zaka zoposa 30 zapita chithere nkhondo imeneyo, ndipo si bwino kuti mwana wa dziko lino adziwe Zambezi pa chithunzi cha m'buku lokha.

Makolo ena amati kumusunga mwana pamudzi ndi kumuteteza. Akudzinamiza. Mwanayo kumzinda adzapitabe, ndipo funso ndi lakuti adzapita ndi yani. Chaka chili chonse m'midzi mumafika anthu a pakamwa pozuna: wina amadzitcha azakhali, wina mnzawo wa amalume, ndipo amalonjeza sukulu, zovala ndi malipiro a pamwezi. Mtsikana amakathera pa kulera ana a eni nyumba ndi kuchapa kuyambira mbandakucha, sukulu osaiponda. Mnyamata amakagulitsa mazira owiritsa pokwerera machapa, usiku n'kugona m'khonde. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2008 lolanga ogulitsa anthu, makamaka amayi ndi ana, koma lamulo limafika mwana atapita kale. Chimene chimamukopa mwana ndi chakuti mzinda sanauonepo. Amangomva za magetsi osazima, nyumba zosanjikizana ndi buledi wa tsiku ndi tsiku. Mwana amene anauona mzinda atagwira dzanja la mayi ake, naona kuti kumeneko madzi amagula, makala amagula, pogona amalipira, ngakhale masamba a maungu ali ndi mtengo, savomera msanga bodza la mlendo.

Ulendo woyamba suyenera kukhala wautali. Kuchokera ku Ulongwe kukafika ku Tete ndi makilomita oposa pang'ono 200, ndipo zoona zimayambira m'njira momwe. Galimoto ikamatsika mapiri, mwana amaona yekha nthaka ikusintha, milambe ikuyamba kuoneka, mphepo ikutentha. Ku Moatize aone milu ya pa migodi ya malasha ndi sitima zazitali zonyamula malashawo kupita nawo ku madoko. Asanalowe mumzinda adzaoloka mtsinje wa Revubwe, ndipo apa bambo wanzeru amuuze kuti madzi amenewo achokera kwawo komwe, ku mapiri a ku Angónia, ndipo patsogolo pang'ono akathira mu Zambezi.

Mlatho wa Samora Machel awoloke pansi, osati ali m'galimoto. Ndi mlatho wopachikidwa pa zingwe zachitsulo, wotalika mamita oposa 700, wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo munthu akaima pakati pake amamva ukunjenjemera galimoto ikamadutsa. Mwana amene mtsinje waukulu kwa iye ndi umene amaoloka atakwinya kabudula, adzakhala chete kwa kanthawi. Kumunsi kwake kuli mlatho wina wa Kassuende, wotsegulidwa mu 2014 kuti magalimoto olemera azilambalala mzinda. M'mbali mwa mtsinje muli linga lakale la Apwitikizi la São Tiago Maior, ndipo ku Chingodzi kuli bwalo la ndege. Kuyang'ana zonsezi sikulira ndalama. Kumadzi kokha mwana asayandikire: Zambezi ili ndi ng'ona, ndipo ng'ona za ku Tete zinazolowera anthu.

Komatu malo ophunzitsa kwambiri mumzinda wa Tete ndi msika. Mlimi amene wafika ndi mwana wake pa msika wa Kwachena amutengere ku malo ogulitsira mbatata, amulole afunse yekha mtengo wa ndowa imodzi, kenaka awerengere pamodzi. Thumba lija anagulitsa pa msewu kwawo linali la ndalama zingati, ndipo mbatata yomweyo ikugulitsidwa bwanji kuno? Kusiyanako kwapita kuti: kwa mwini galimoto, kwa onyamula, kwa wokhometsa msonkho wa pamsika, kwa wogula mopikula? Masamu amenewa mwana sangawaiwale. Adzaona kuti mzinda wonsewo, ndi magetsi ake omwe, umadya kuchokera m'munda wa bambo ake, ndipo ulimi sadzauyesanso ntchito ya anthu olephera. Pamsika pomwepo adzamva Chinyungwe, chimene adzatolamo mawu ambiri ofanana ndi a kwawo, ndipo Chipwitikizi chija amavutika nacho m'kalasi adzachipeza pa zikwangwani. Makolo amusiye aziwerenga mokweza, ngakhale aphonye.

Amene thumba lawalola apitirire ku Beira. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu, makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Tete, kudzera ku Changara, Catandica, Chimoio ndi Inchope. Pa Chimoio pali phiri lotchedwa Cabeça do Velho, looneka ngati nkhope ya nkhalamba yogona chagada, ndipo ana amalizindikira msanga kuposa akuluakulu.

Beira ndi mzinda wa anthu oposa 500,000 malinga ndi kalembera wa mu 2017, koma chimene mwana wa kumapiri adzayamba kufunsa ndi nyanja. Amutengere ku Macuti, kumene kuli nsanja ya nyali yoongolera sitima za pamadzi, yomangidwa mu 1904, ndipo m'munsi mwake muli zitsulo za sitima yakale zodyedwa ndi dzimbiri. Alawe madziwo ndi chala kuti akhulupirire kuti ndi a mchere. Makolo nawonso adziwe kuti nyanja imeneyi si dziwe: imaphwera ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo ku Beira madzi amatha kukwera mamita 6 pa maola ochepa. Pamene mwana amatola zigoba m'mawa, masana pamakhala pozama. Asapite kutali ndi gombe, ndipo safunsa anadya phula: asodzi a pomwepo amadziwa nthawi imene madzi amabwerera.

M'kati mwa mzinda muli siteshoni yaikulu ya sitima ya mu 1966, ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika chimene ena mwa miyala yake inachotsedwa ku linga lakale la Sofala. Chapafupi pali doko, limene makina ake okwezera katundu amaonekera patali. Magalimoto a mafuta ndi a feteleza amene ana amawawerenga akamadutsa pa Zobwe, ambiri amanyamulira kumeneko. M'mbali mwa kamtsinje ka Chiveve muli paki ya mitengo ya m'madzi a mchere, njira za oyenda pansi ndi malo osewerera ana, yotsegulidwa pambuyo pa namondwe wa Idai, amene anasasula madenga a mzindawu mu Malichi 2019. Ndi malo abwino okhala pansi n'kumasula kamba wa pa ulendo.

Pali nyumba imodzi imene alendo ambiri amaipewa, koma makolo ayenera kudutsapo ndi ana awo. Grande Hotel inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti ikhale hotela yapamwamba ya azungu olemera, koma alendo sanabwere mokwanira ndipo inatsekedwa mu 1963. M'nthawi ya nkhondo anthu othawa m'midzi analowamo, ndipo lero mukukhala mabanja ambirimbiri. Magalasi a m'mawindo anatha, zitseko zinazulidwa, mitengo ikumera pa makoma, ndipo madzi a m'mipope mulibe. Okhalamo si anthu oti awasekedwe kapena kulozedwa chala, ndipo mlendo waulemu amaona ali pa msewu, salowa m'nyumba za eni ngati akuonera gule. Ambiri mwa iwo, kapena makolo awo, anasiya minda ngati imene mwanayo wasiya kwawo. Mwana amene m'mawa waona nyanja ndi masitolo owala, madzulo n'kuona ana anzake akutunga madzi ndi zigubu kukwera nawo pa masitepe opanda chogwirira, wauona mzinda wonse. Azakhali a malonjezo aja akadzafika pamudzi, iye adzakhala ndi mafunso owafunsa.

Nanga ndalama? Pali mabanja amene ngakhale mbewu ya chaka chamawa ikuwavuta, ndipo palibe amene angawadzudzule. Mawu ano akupita kwa iwo amene ulendo ali nawo kale chaka ndi chaka. Kwa iwo chowonjezera ndi mpando umodzi ndi mbale imodzi ya nsima, ndalama imene abambo ena amaimaliza usiku umodzi pa mowa atalandira za fodya. Sikofunika kunyamula ana onse. Chaka chino apite mmodzi, chaka chamawa wina. Koma mpando ukhale mpando ndithu: mwana asakwezedwe pamwamba pa matumba a mbatata, chifukwa kutsetsereka kwa mapiri a m'njira imeneyi kwagwetsa magalimoto ambiri.

Ndipo woyamba kupita asakhale mnyamata nthawi zonse. M'mabanja ambiri mtsikana amatsala kuti aphike ndi kulera ang'ono ake, pomwe iyeyo ndiye amene anthu a malonjezo amamufuna kwambiri. Mtsikana amene waona mkazi atavala yunifomu ya unamwino pa chipatala cha ku Tete, kapena mkazi wapolisi akuimitsa magalimoto pa mphambano, amabwerera ku sukulu ndi mtima wina.

Nthawi yabwino ndi miyezi yozizira, pa tchuthi cha pakati pa chaka. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo mwana wozolowera chisanu cha ku Tsangano amafooka msanga. Tchuthi chachitali cha Disembala ndi Januwale chimagwera pa mvula ndi kupalira, komanso ndiyo nyengo ya anamondwe ku gombe. Ku chigwa kuli udzudzu wambiri kuposa kumapiri, chotero neti ilowe m'chikwama, ndipo mwana akatentha thupi atabwerako, apite naye ku chipatala tsiku lomwelo n'kunena kumene anali. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala.

Chikalata cha kubadwa cha mwana, kaya ndi sedula kaya BI, chisatsale, pakuti apolisi a pa msewu ali ndi chifukwa chofunsira munthu wamkulu woyenda ndi mwana. Wotenga mwana wa mbale wake anyamule kalata ya makolo, yodziwika kwa mfumu kapena kwa mlembi wa mudzi. M'thumba la mwana mukhale kapepala kolembedwa dzina lake, mudzi wake ndi nambala ya foni, ndipo auzidwe asananyamuke kuti akasochera aime pomwepo, apemphe thandizo kwa wapolisi kapena kwa mayi wogulitsa malonda, osatsata munthu womuitanira kwina. Nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, ndi yaulere ndipo mwana wa sukulu angathe kuiloweza. Pa msewu dzanja lake lisachoke m'dzanja la wamkulu, chifukwa njinga zamoto ndi matxopela sizidikira munthu.

Ofikira kwa abale akumbukire kuti mlendo ndi mame. Mbale wa mumzinda amagula chili chonse chimene alendo adzadya, ndipo nyumba yake kawirikawiri ndi ya zipinda ziwiri. Adziwitsidwe ulendo usanayambe, alendo afike ndi ufa, nyemba ndi mbatata, ndipo masiku akhale awiri kapena atatu. Mbaleyo akanena kuti mwanayo atsale kuti azithandiza pakhomo, yankho lisaperekedwe pomwepo. Mwana abwerere kaye ndi amene anapita naye, nkhaniyo ikakambidwe kumudzi pamaso pa amayi ake ndi amalume ake, ndipo dzina la sukulu imene akaphunzireko lidziwike.

Kumene banja limodzi silingathe, mabanja khumi angathe. Mabungwe a alimi amabwereka kale galimoto yonyamula mbewu, ndipo mipingo imabwereka basi ya kwaya. Kubwereka chapa imodzi ya ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndi mphunzitsi ndi makolo awiri kapena atatu operekeza, si chinthu chachilendo kuposa zimenezo. Kupita ku Tete m'mamawa ndi kubwerako tsiku lotsatira n'kotheka. Makomiti a sukulu, mafumu ndi atsogoleri a mabungwe aikambe nkhaniyi mbewu zikadali m'munda, kuti chopereka cha banja lili lonse chidziwike ndalama za zokolola zisanagawidwe.