Mitengo nayonso ilembedwe m'kalata ya masiye

Anthu ena akamva kuti ku Ulaya munthu amalemba mu testamento kuti gawo la cuma cake likasunge nkhalango ndi nyama zakuthengo, amaseka. Amati ndi misala ya anthu okhuta, opanda ana. Inu mukusekanu, tayang'anani kuno ku Angónia ndi ku Tsangano: mitengo ikuluikulu yatsala pati? Yatsala kumanda. Mapiri tinawameta kale ndi makala, nkhuni ndi zigafa za fodya. Akufa ndiwo akutisungira msitu, ndiye zoti womwalira asiye mitengo musazinene kuti n'zacizungu.

Mau amene ndikukana ndi awa: "Cuma ca masiye n'ca ana, kupatsa thengo n'kuwabera." Bodza. Amene amabera ana amasiye m'midzi mwathu muno timawadziwa: acibale ofika maliro asanathe n'kuyamba kusenza njinga, kusasula malata ndi kutsekula khola. Kalata yolembedwa pamaso pa notário ndiyo imawatseka pakamwa anthu amenewa. Komanso lamulo la dziko lino sililola munthu kugawa zonse mmene wafunira. Pali gawo limene amati legítima, la ana ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ndipo testamento singalikhudze. Ife tikunena za kagawo kotsalako.

Koma kagawoko kasapite kutali. Gorongosa ili ndi Greg Carr, amene anasainirana pangano ndi boma mu 2008. Reserva ya Niassa nayo ili ndi mabungwe akunja oithandiza. Nanga kasupe amene amayi anu amatungako madzi ali ndi yani? Inu amene mwalemera ndi mbatata ya kacewere, muli ndi galimoto ndi cigayo, madzi amene munathirira madimba aja anacokera m'phiri lomwelo limene latsala mbee.

Muli ndi mantha kuti komiti ya m'mudzi idzadya ndalamazo? Mantha amenewo ngomveka, makomiti ena tawaona. Ndiye musalembe kuti "za cilengedwe" basi. Lembani dzina la phiri kapena la mtsinje. Lembani kuti ndalamazo n'za nazale ya mibawa ndi mikuyu, za kulambula njira yoletsa moto mu Julayi, za malipiro a mlonda. Lembaninso kuti caka ndi caka, akatha kukolola, ziwerengedwe pabwalo pamaso pa amfumu ndi pa ana anu.