Lamya nayo ifunika mbuli



Amene munakumbako mbewa mukudziwa kuti mbewa yochenjera sidalira khomo limodzi. Imakumbiratu mbuli yothawira. Lero ndati tikambirane za mbuli ya lamya zathu za m'manjazi.

Mlamu wanga amagulitsa matemba ouma. Tsiku lina wogula wa ku Cuamba anamuimbira katatu konse, lamya osalowa chifukwa netiweki inali itathawa. Munthu uja anakagula kwina, matemba n'kutsala m'nyumba.

Vutoli limagweranso makampani akuluakulu a ku Nampula kapena ku Blantyre amene lamya zawo zimayendera intaneti. Mu May 2024 zingwe za intaneti za pansi pa nyanja yamchere zinaduka, ndipo anthu a m'Mozambique, Malawi ndi Tanzania anavutika. Makampani ochenjera amakonzeratu kuti intaneti ikaduka, woimba aliyense azilondoleredwa ku lamya ya m'manja ya wogwira ntchito.

Nafenso tingathe. Poyamba, khalani ndi masimu awiri a makampani osiyana. Manambala a Tmcel amayamba ndi 82 kapena 83, a Vodacom 84 kapena 85, a Movitel 86 kapena 87. Oyandikira malire, monga a ku Entre Lagos, ena amasunganso simu ya Airtel kapena TNM ya ku Malawi.

Chachiwiri, uzani lamya yanu kopita ikasowa inu. Lembani **62* kenaka nambala inayo, malizani ndi # ndipo muimbe. Mukatero, wokuimbani pamene lamya yanu yazima kapena ilibe netiweki adzamveka pa nambala inayo. Pofuna kuchotsa, imbani ##002#.

Koma tamverani apa. Zimenezi zimasungidwa ku makina a kampani, ndiye muyenera kuzikonza netiweki ilipo. Ikathawa kale, mwachedwa. Komanso sankhani nambala ya kampani ina, poti nsanja imodzi ikagwa manambala onse odalira nsanjayo amagwera limodzi. Dziwaninso kuti kawirikawiri wolipira gawo lopatutsidwalo ndinu, choncho funsani mtengo kwa wogulitsa mayunitsi, makamaka ngati nambalayo ndi ya kutsidya. Mukamaliza, zimitsani lamya, mnzanu akuimbireni, muone ngati zatheka.

Nkhaniyi si ya matemba okha. Mayi woyembekezera akadwala usiku, lamya ndiyo imaitana wa njinga yamoto. Tikumbuke namondwe Freddy wa mu March 2023, m'mene anagwetsera mapolo a magetsi ndi kudula mauthenga m'madera ambiri a kum'mwera kwa Malawi ndi ku Zambézia. Lembani manambala ofunika papepala, muike m'Baibulo kapena m'kope la ana, dzinja lisanafike.

Mlamu wanga anakonza kale mbuli yake. Nanga inu?