Kalumo ka mlendo ndi mbiri ya mapulazi a ku Chongwe

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, potilangiza kuti tisamanyoze nzeru za munthu wobwera. Alimi achizungu amene anatsatira njanji itafika pa mudzi wa Lusaaka mu 1905, Mabunu ndi ngolo zawo za ng'ombe komanso Angelezi, anadzadi ndi zakuthwa: pulawo, dibi la ng'ombe ndi waya wa mpanda. Koma chimene chinawakhazika m'dziko la Asoli ndi pepala. British South Africa Company inkawapatsa malo opimidwa kale, okhala ndi nambala, ndipo banja likangolandira chikalata cha pulazi, mbiri yake inkayamba kudzisunga yokha. Lero mdzukulu wa mlimi wochokera ku England angathe kupeza chaka chimene agogo ake anafika ndi maekala amene anagula, n'kuonanso chithunzi chawo ali pakhonde. Makalata amene anasiya mlimi wachizungu Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu anachuluka mpaka Christina Lamb analemba nawo buku lathunthu mu 1999.

Mbiri zoterezi zimakonda kunena kuti agogo anafika pathengo n'kulisandutsa munda. Thukuta lawo sitilikana, pakuti malungo, dzombe ndi ngongole zinagwetsa ambiri. Komatu thengolo linali ndi eni ake, linali ndi manda, mabwinja ndi madambo odyetsako ziweto. Lamulo la 1928 linapatula nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji kukhala ya boma la atsamunda, ndipo midzi yambiri inasamutsidwira kumalo amene anasiyira anthu akuda. Msonkho unakankhira amuna kukafuna ntchito pa mapulazi omwewo. Kuyambira mu 1936, bungwe la Maize Control Board linasiyira alimi akuda onse pamodzi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a msika wa chimanga wa m'dziko. Munthu amene anazula zitsa ndi kuweta ng'ombe za bwana amangopezeka m'buku la malipiro, dzina limodzi lopanda mfunda, pambali pake masheleni angapo. Zimawawa kuti mdzukulu wake sangaloze ngakhale pamene panali nkhokwe ya agogo ake.

Ena adzati kufukula zimenezi n'kutosa chilonda, popeza zidzukulu za alimi aja ndi nzika za Zambia, zikulima ndi kulemba anthu ntchito. N'zoona, ndipo Gore-Browne yemweyo anaikidwa m'manda mwaulemu wa boma mu 1967 chifukwa anaima ndi omenyera ufulu. Koma kulemba dzina la kapitawo ndi mudzi umene anachokera sikulanda munthu pulazi, kumangokwaniritsa nkhani imene yakhala ikukambidwa theka. Enanso adzati mbiri yathu ili m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo imamveka chaka ndi chaka pa mwambo wa Chakwela Makumbi pamaso pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Mwambowo umasungadi mbiri ya ufumu ndi ya mtundu, koma sungasunge malire a munda wa banja lililonse, ndipo nkhalamba yodziwa mtengo wa pamalire ikamwalira, umboni umaikidwa nayo limodzi.

Nkhaniyi yafika pofulumira chifukwa pepala labweranso. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mafumu asanduke a lendi ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza, ndipo mzinda wa Lusaka ukukula motsata msewu wa Great East kulowera ku Chongwe. Wogula wa lero nthawi zambiri ndi mnzathu wa m'tauni, ndipo mkangano ukafika kukhoti, wonyamula chikalata amayamba ali patsogolo. Choncho banja lililonse likhale pansi ndi agogo akadali moyo, lilembe mudzi wakale, pamene pali manda, mtsinje ndi mitengo ya pamalire, komanso pulazi imene makolo anagwirako ntchito, ndipo nyakwawa isayinire. Ophunzira a pa yunivesite ya Chalimbana angathe kuyenda m'midzi kusonkhanitsa maumboniwa. Nawo mabanja achizungu amene akusungabe mabuku akale a malipiro apereke makope ake ku National Archives ku Lusaka, kuti zidzukulu za antchito zikafufuzemo mayina a makolo awo.