Phukusi likasowa panjira, alipire ndani?

Malonda a pa foni anafika kale ku Domasi. Wophunzira wa pa Domasi College of Education amajambula nsapato za kaunjika n'kuziika pa status ya WhatsApp. Mayi wa ku Songani amalengeza pa Facebook kuti ali ndi mpunga wonunkhira wa ku sikimu ya Domasi, kumunsi kwa mtsinje chakufupi ndi nyanja ya Chilwa. Wogula wa ku Area 25 ku Lilongwe akakhutira ndi chithunzi amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, njira zomwe zinayamba m'dziko muno mu 2012 ndi 2013, ndipo ndalamazo zimafika mphindi isanathe.

Koma mpunga suyenda pa netiweki. Uyenera kusokeredwa m'thumba, kukwera galimoto, kuwoloka Shire pa Liwonde, kudutsa Balaka, Ntcheu ndi Dedza, mpaka kukafika m'manja mwa munthu amene wogulitsa sanamuonepo nkhope. Pa ulendo wonsewo katundu wambiri wa amalonda ang'onoang'ono amayenda opanda inshulansi ya mtundu uliwonse. Akasowa, akasweka kapena akanyowa, amene amalira ndi yemwe ali ndi mpamba wochepa kuposa onse, ndipo zimenezi siziyenera kupitirira kuonedwa ngati tsoka wamba.

Njira yotchuka ndi ya pa siteji. Wogulitsa amakulunga katoni ndi selotepi, n'kulemba ndi cholembera chakuda dzina la wolandira ndi nambala yake ya foni, kenaka amaima m'mbali mwa msewu wa M3 kudikira minibasi. Ikaima amakambirana mtengo ndi kondakitala injini ikulira, amatenga nambala yake, wochenjera amajambulanso nambala ya galimoto. "Musadandaule mayi, afika bwinobwino," amatero kondakitala, uku akukankhira katoniyo pansi pa mpando wakumbuyo, pakati pa thumba la usipa ndi tayala la sipeya. Lisiti palibe. Mboni ndi oitanira okhaokha.

Makondakitala ambiri ndi okhulupirika, ndipo pakanapanda iwo geni ya anthu ochuluka ikanafa kalekale. Vuto lili pa kayendedwe ka minibasi. Anthu akachepa pa Liwonde, dalaivala amawagulitsa ku galimoto ina iye n'kubwerera ku Zomba, ndipo katoni ija imagulitsidwira limodzi, kwa kondakitala wina amene nambala yake palibe akuidziwa. Madzulo wogula akaimba kuti sanalandire kanthu, kulozana zala kumayamba. Woyamba akuti anapereka, wachiwiri foni yake siyikupezeka, ndipo mayi wa ku Songani amasowa mtengo wogwira.

Ena amadzitonthoza ndi kapepala ka inshulansi komatidwa pa galasi la minibasi. Kapepalako n'koona, chifukwa lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi ya third party. Koma imeneyo inaikidwa makamaka kaamba ka anthu ovulala kapena omwalira pa ngozi ndi zinthu za ena zimene galimoto yagunda. Katoni yopatsidwa kwa kondakitala pa mgwirizano wa pakamwa, kampani ya inshulansi siidziwa n'komwe.

Chifukwa cha ichi ambiri tsopano amayenda ulendo wosakwana makilomita 20 kupita ku Zomba kukasiya katundu ku maofesi a courier, kapena amagwiritsa ntchito positi ofesi. Kumeneko zinthu ziliko bwino. Makampaniwa amagwira ntchito ndi chiphaso cha MACRA, bungwe lomwe lamulo la Communications Act la 2016 limalipatsa mphamvu zoyang'anira ntchito za mtengatenga wa makalata ndi maphukusi. Katundu amayezedwa pa sikelo, munthu amalandira lisiti, wolandira amasaina. Komabe lisiti si inshulansi. Limangochitira umboni kuti phukusi linalandiridwa. Kuti munthu adzapatsidwa zingati likasowa, zimenezo zimalembedwa pena, kawirikawiri m'timalemba ting'onoting'ono timene munthu wothamangira kukakwera minibasi ya ku Malosa sakhala ndi nthawi yotiwerenga.

Pa kauntala pali funso limodzi limene wogulitsa amadzipweteka nalo yekha: "Muli chiyani m'katimu?" Munthu wakulunga foni ya K400,000 m'malaya awiri akale, koma amayankha kuti muli zovala. Amaopa kulipiritsidwa zambiri, amaopanso kuti akaulula ndiye kuti waitana wakuba. Mantha onse awiriwa ndi omveka. Koma tsiku lomwe phukusilo lidzasowe, kampani idzatulutsa pepala lolembedwa "zovala", ndipo chipukuta misozi, ngati chidzakhalepo, chidzakhala cha zovala.

Izi si za ku Malawi kokha. Dziko lonse lapansi onyamula katundu amadziikira malire a zomwe angalipire. Pangano la Montreal la 1999, lokhudza katundu woyenda pa ndege pakati pa mayiko, limawerengera chipukuta misozi pa kulemera kwa katundu. Kuyambira December 2024 malirewo ndi 26 SDR pa kilogalamu, ndalama yowerengera ya IMF yomwe ikasinthidwa imakwana pafupifupi madola 35 a ku America. Foni yamakono imalemera magalamu ngati 200, kutanthauza kuti mwini wake angapatsidwe madola 7 basi. Pangano lomwelo limasiya khomo lotseguka: wotumiza akalengeza mtengo weniweni wa katundu n'kulipira kandalama kowonjezera, wonyamula amamangidwa ndi mtengo umenewo. Mmisiri wosema ziboliboli m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde akapeza kasitomala wa ku Johannesburg kapena ku London, ayenera kufunsa za khomo limeneli asanasaine chilichonse.

Nanga pakati pa wogula ndi wogulitsa, lamulo limati chiyani? Sale of Goods Act, lomwe Malawi anatengera ku malamulo a ku Britain, limaona kuti ngati awiriwo anagwirizana zotumiza, kupereka katundu kwa wonyamula kumawerengedwa ngati kupereka kwa wogula, pokhapokha ngati anapangana mwina. Limalamulanso wogulitsa kupangana ndi wonyamulayo mwanzeru, molingana ndi mtundu wa katundu, ndipo akapanda kutero wogula atha kukana kuti sanalandire. N'zovuta kukhulupirira kuti khoti lingatche kuponya laputopu pansi pa mpando wa minibasi kuti ndi mgwirizano wanzeru. Ndipo ngakhale lamulo litakhala mbali ya wogulitsa, pa Facebook mlandu umaweruzidwa mwachangu. Wogula akangolemba kuti "uyu ndi wakuba", dzina lomangidwa kwa zaka zitatu limagwa tsiku limodzi. Choncho wogulitsa amabweza ndalama kapena kutumiza katundu wina, zonse kuchokera m'thumba mwake.

Kubwezako kumapweteka kwambiri masiku ano. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, itagwanso ndi 25 peresenti mu May 2022. Mitengo ya katundu wochokera kunja yakhala ikukwera chikwerere, moti wogulitsa amene wataya katoni lero sangaigulenso pa mtengo womwe anaodera mwezi watha. Polengeza mtengo pa kauntala, woyenera kutchulidwa ndi wogulira katundu wina lero.

Pali katundu wina amene ngakhale inshulansi imamuthawa. Alimi a m'madamu amabwera ku Domasi kudzagula ana a nsomba ku National Aquaculture Centre, ndipo alimi ena a m'dera lino amagulitsanso mbewu yawo kwa anzawo akutali. Tinsombato timaikidwa m'mapepala a pulasitiki okhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya wopopera, n'kumangidwa zolimba ndi mphira, ndipo timayenera kunyamuka m'mawa dzuwa lisanakwere. Galimoto ikafera pa zitunda za ku Machinga kwa maola anayi, madzi amatentha, mpweya umatha, ndipo chofika kwa wogula ndi mitembo. Inshulansi zambiri za katundu wa pamsewu sizilipira zamoyo ndi zoola msanga popanda mgwirizano wapadera, ndiponso zimakana katundu amene anapakiridwa mwamphwayi. Kwa katundu wotere chitetezo chimakhala kuperekeza yekha kapena kuti wogula abwere.

Inshulansi ya katundu wa paulendo ilipo m'Malawi. Makampani monga NICO General, Britam ndi General Alliance amagulitsa inshulansi za katundu, ndipo onse amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Kungoti inshulansi yotere inakulira pa malole a fodya, shuga ndi feteleza, pomwe mwini katundu ali ndi akalaliki odzaza mafomu. Mayi wotumiza matumba awiri a mpunga pa sabata sangapite ku Blantyre kukakambirana za mgwirizano wa inshulansi.

Mpata uli pa kauntala ya courier. Kampani itha kugula inshulansi imodzi yaikulu n'kumaigawa mwapang'onopang'ono: wotumiza atchule mtengo, alipire kagawo kochepa pa foni, ndipo lisiti lionetse ndalama yeniyeni imene adzapatsidwe phukusi likasowa. Komwe njira yotere ilipo kale, ogwira ntchito aziitchula okha m'malo modikira kuti kasitomala afunse chinthu chomwe sanachimvepo. MACRA, yomwe ili ndi ziphaso m'manja, ili ndi mphamvu zolamula kuti ofesi iliyonse ipachike pa khoma, m'Chichewa ndi m'malemba akuluakulu, malire a chipukuta misozi ndi masiku omwe munthu ali nawo oti akadandaule. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula, liyenera kufika ndi uthenga umenewu mpaka m'misika ngati wa Songani ndi Malosa, osathera m'mahotela a m'mizinda.

Pakadali pano amalonda a ku Domasi ali ndi chida chomwe amachidziwa bwino, banki mkhonde. Magulu ambiri otere amasunga kale kathumba kapadera ka maliro ndi matenda. Ogulitsa pa intaneti khumi atha kuchita chimodzimodzi, kuponya kandalama pa phukusi lililonse lotuluka, n'kugwirizana kuti thumbalo lizithandiza yekhayo amene ali ndi lisiti lolembedwa mtengo woona, chithunzi cha katundu asanamatidwe, ndi uthenga wa pa foni womwe iye ndi wogula anapangana za amene adzasenze mtolo zinthu zikalakwika panjira.